Matumba ndi anu, nanga umboni uli kuti?

Mwezi wathawu kunabwera mayi ena a ku Tsangano ku nyumba yathu ya wailesi, misozi ili m'maso. Mwana wawo anali atanyamula matumba awiri a feteleza pa njinga pamene anthu ovala yunifolomu anawaimitsa nkunena kuti katunduyo ngozembetsa kuchokera ku Malawi. Mayiwo akuti anagula kwa wamalonda wa konkuno. Atafunsidwa lisiti, analibe. Matumba anapita, mvula ili pafupi.

Chomwe chinawaimitsa mutu nchakuti wowagwirayo sanaonetse umboni uliwonse. Pa mlandu wakuba, woimba mnzake mlandu ndiye amabweretsa umboni. Koma nkhani za msonkho wa pa malire zimayenda mosiyana. Ku Malawi, komwe bungwe la MRA lakhala likutolera msonkho kuyambira mu 2000, lamulo la kasitomu limasenzetsa mwini katundu udindo woonetsa kuti katunduyo analowa mololedwa ndipo msonkho unaperekedwa. Kuno kwathu nakonso a alfandega amayamba afunsa mapepala, pakamwa pambuyo.

Vuto lili apa. Malire omwe Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa abale. Msewu wochoka ku Ntcheu kupita ku Dedza umayenda m'mphepete mwenimweni mwa malirewo, ndipo pa msika wa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off kwacha ndi metikali zimagonera m'thumba limodzi. Mbatata ya kachewere ilibe chidindo chonena munda womwe inakumbidwa. Komanso tisabise mawu: chiyambire feteleza wotsika mtengo ku Malawi mu 2005, wina wakhala akuwolokadi malire usiku. Okaikirawo sakaikira chabe, kungoti wolira amakhala mlimi amene sanaphunzitsidwepo kusunga kapepala.

Tsono awerengi, pogula katundu wambiri umirirani lisiti lokhala ndi dzina la wogulitsa, tsiku ndi nambala yake ya NUIT. Akakulandani katundu, pemphani chikalata chomwe pa Chipwitikizi amati auto de apreensão, cholembapo zomwe atenga ndi chifukwa chake. Popanda chimenechi mulibe poyambira kudandaula, ndipo khoti la milandu ya alfandega la ku Beira nkutali kwa munthu wa ku Furancungo.

Mayi aja anabwerera kwa wamalondayo kukapempha lisiti. Anawauza kuti buku lake linatha, abwerenso Lachisanu.