Njoka za mchira wachishango: moyo wobisika m'nthaka ya mapiri a ku India

M'mapiri a Western Ghats, omwe anatambalala mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600 m'mbali mwa gombe la kumadzulo kwa dziko la India, muli njoka zing'onozing'ono zimene anthu saziona kawirikawiri, chifukwa pafupifupi moyo wake wonse zimathera pansi pa nthaka. Akatswiri a zamoyo amaziika m'banja lotchedwa Uropeltidae, dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza mchira ndi chishango, popeza mchira wa zambiri mwa njokazi umathera pa chikhungwa cholimba chooneka ngati wina anachita kuudula mopendeketsa. Banjali, lomwe lili ndi mitundu yoposa 50, limapezeka ku India ndi pa chilumba cha Sri Lanka basi, ndipo mitundu ina imakhala m'mapiri ochepa okha.

Njokazi zilibe ululu, zambiri sizifika theka la mita m'litali, chakudya chake chachikulu ndi nyongolotsi, ndipo m'malo moikira mazira zimabereka ana amoyo. Thupi lake lonse linaumbidwa mogwirizana ndi ntchito yokumba: mutu ndi waung'ono komanso wosongoka, mafupa a chigaza ndi ogwirana molimba, maso ndi aang'ono, pomwe mamba ake ndi osalala kwambiri moti dothi lonyowa silimatirira, ndipo akawombedwa ndi dzuwa amanyezimira ngati utawaleza.

Mmene njokazi zimakumbira ndi nkhani yomwe katswiri wina, Carl Gans, pamodzi ndi anzake anaifotokoza mu 1978. Iwo anapeza kuti minofu ya kutsogolo kwa thupi ndi yofiira komanso yosatopa msanga, pomwe ya kumbuyo ndi yotuwa komanso yofooka, motero njokayo imayenda ngati sitima yapamtunda yonyamula katundu, imene mutu wokha ndiwo umakoka, mabogi n'kumangotsatira. Ikafuna kuboola dothi, imapinda fupa la msana m'kati mwa khungu kuti mbali ya kutsogolo itupe ndi kukanirira m'makoma a una, kenaka imawongola msanawo ndi kukankhira mutu patsogolo. Mchira, mosiyana ndi thupi lonse, umagwira dothi lomwe limatseka njira kumbuyo, kotero kuti mdani wotsatira unawo amakumana ndi chotsekera m'malo mwa nyama yofewa.

Luso limeneli limagwira ntchito m'nthaka yofewa, yozizira ndi yachinyontho yokha, ndipo apa ndi pamene pagona vuto. Pamwamba pa mapiri a kummwera kwa India pali nkhalango zowirira zotchedwa shola, zomwe zimamera m'zigwa ndi m'makwawa mozunguliridwa ndi madambo a udzu, ndipo masamba oyoyoka m'nkhalangozi amasunga chinyontho chimene nyongolotsi ndi njoka zomwe zimadalira. Kuyambira m'nthawi ya ulamuliro wa Britain, malo ambiri otere anasandutsidwa minda ya tiyi ndi khofi, pomwe m'madambo munadzalidwa paini, bulugamu ndi mitengo ina yochokera ku Australia, yomwe pambuyo pake inafalikira yokha. Nthaka ikakhala pamtetete imauma ndi kulimba, ndipo makasu a olima amadula njoka zimene zili pafupi ndi pamwamba. M'nyengo ya mvula yamphamvu, madzi akadzaza mauna, njokazi zimatulukira kunja, zambiri n'kupondedwa ndi galimoto m'misewu yopita kumalo okopa alendo, zina n'kuphedwa ndi anthu oziyesa zaululu.

Chitsanzo chodziwika ndi Platyplectrurus madurensis, njoka yomwe Richard Henry Beddome, mkulu woyang'anira nkhalango m'chigawo cha Madras, anailemba m'mabuku a sayansi mu 1877. Imakhala m'mapiri a Palni, komwe kuli tauni ya Kodaikanal pamalo okwera mamita oposa 2,000, komanso m'mapiri oyandikana nawo a ku Kerala. Bungwe la IUCN, lomwe limasunga m'ndandanda wa zamoyo zimene zili pachiopsezo padziko lonse, linaiika m'gulu la zomwe zingathe kutheratu, makamaka chifukwa dera lake ndi laling'ono ndipo likuwonongeka. Njoka ya m'chigwa chotentha ingathe kusamukira kwina, koma yozolowera nthaka yozizira ya pamwamba pa phiri ili ngati yokhala pa chilumba, chifukwa zigwa zouma zozungulira phirilo singazidutse.

Mu 2012 bungwe la UNESCO linaika malo 39 a m'mapiri a Western Ghats pa m'ndandanda wa chuma cha dziko lonse, komabe njoka zambiri zimakhala kunja kwa malire a malo otetezedwa, m'mphepete mwa minda ndi mwa matauni, ndipo ntchito yosamala zachilengedwe imayang'ana kwambiri njovu ndi nyama zina zazikulu zokopa alendo. Chimene chingapulumutse njokazi ndi kusiya tinkhalango ta shola totsala pakati pa minda, kusachotsa masamba ndi zipika zowola pansi, ndiponso kuphunzitsa ogwira ntchito m'minda kuti njoka yonyezimirayo siluma munthu. Kuteteza phiri kosawerengera dothi lake n'kuteteza theka lokha la phirilo.