MISOZI YA NKHUKU NDI NTHENDA YA CHITOPA

Msika wa fodya wa ku Chinkhoma ukatsekedwa, ndalama zitayamba kuchepa m'thumba, banja la ku Chamama kapena ku Santhe limayang'ana ku khola la nkhuku. Mwana akadwala, nkhuku ndiyo imapita kumsika. Mlendo akafika, nkhuku ndiyo imagwa. Tsoka ilo, ndi nyengo yomweyi ya dzuwa pamene chitopa chimasesa makola, n'kusiya mudzi wathunthu wopanda tambala wolira m'bandakucha.

Nthendayi, imene Angerezi anaitcha Newcastle potengera mzinda wa kwawo kumene inabuka mu 1926, ilibe mankhwala ochiritsa. Chilipo ndi katemera wa I-2, amene anachokera ku yunivesite ya Queensland ku Australia, ndipo kuno amakonzedwa ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe. Wotemera amadontheza kadontho kamodzi kokha m'diso mwa nkhuku. Mlimi woonerera salakwa akafunsa kuti kadontho ka m'diso kangatchinjirize bwanji thupi lonse.

Kachilombo ka chitopa kamalowera m'mphuno, m'maso ndi m'kamwa. Tsono kuseri kwa diso la nkhuku kuli kachiwalo kamene Johann Jacob Harder anakafotokoza m'nyama zina mu 1694. Kachiwaloka kakalandira katemera, kamatulutsa asilikali a thupi otchedwa IgA. Iwowa amakhala m'misozi ndi m'mamina, ndipo anzawo amapezekanso kukhosi ndi m'matumbo, momwe amatchingira kachilombo kasanalowe m'kati.

Vuto lagona pa kayezedwe kake. Njira yozolowereka ndiyo kutenga magazi pa mtsempha wa kuphiko, n'kuona ngati madzi a magaziwo angaletse kachilombo kuundanitsa tizigawo tofiira ta magazi. Njirayi njotsika mtengo, koma imawerenga asilikali a m'magazi okha, alonda a pakhomo osawaona. N'chifukwa chake ofufuza akhala akuona nkhuku zina zotemeredwa, zimene magazi ake anaonetsa chitetezo chochepa, zikupulumuka chitopa chitafika.

Wofuna kuwerenga IgA amayenera kuiliritsa nkhuku. Amaika timibulu ta mchere wosalala m'diso mwake, natapa misozi ndi kachubu kakang'ono. Ena amatsuka kukhosi kapena kutenga ndulu. Madziwo amawayeza ndi njira ya ELISA, imene Eva Engvall ndi Peter Perlmann anaiyambitsa ku Sweden mu 1971: mtundu wa mankhwala ukada kwambiri m'kabowo ka mbale yoyezera, ndiye kuti asilikaliwo ngochuluka. Ntchitoyi imafuna zipangizo zodula ndi magetsi osazimazima, zinthu zimene sizipezeka pafupi ndi khola la kumudzi.

Chitetezo chimatenga pafupifupi milungu iwiri kuti chikhwime, ndipo chimazilala pakapita miyezi, anapiye atsopano nawo ataswa. Pa chifukwa chimenechi alangizi amati katemera abwerezedwe miyezi inayi iliyonse. Kadontho ka mu Julaye, fodya akali pamsika, ndiko kamakumana ndi chitopa cha mu Okutobala.