KODI PANSI PA CIGWA CA LUANO PALI MAFUTA?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Anthu a m'boma la Rufunsa amadziwa kuti m'mapiri mwao muli golide, pakuti mgodi wa Chakwenga unakumbidwa kale m'nthawi ya atsamunda. Koma ambiri amafunsa ngati m'dera lino mungapezekenso mafuta a galimoto. Yankho lake lagona pa mtundu wa miyala imene ili pansi pa nthaka.

Matanthwe a m'mapiri amene mseu wa Great East umadutsamo ndi akale kwambiri, ndipo anapsa ndi kutentha kwa pansi mpaka kulimba gwa. M'miyala yotere simukhala mafuta. Koma kumpoto, m'cigwa ca Luano mmene mtsinje wa Lunsemfwa umayenda, zinthu n'zosiyana. Kalekale nthaka inang'ambika m'mizere italiitali, ndipo gawo lapakati linatitimira. Ming'alu yozama ngati imeneyi ndiyo imatulutsa madzi otentha pa kasupe wa Chinyunyu.

M'malo otitimirawo mitsinje ndi nyanja zinayala mcenga, matope ndi zomera zakufa, zina pamwamba pa zinzake monga mphasa zosanjikiza. Akatswiri amacha miyala imeneyi Karoo, ndipo inayamba kusanjikana zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo. Malasha a ku Maamba amacokera m'miyala ya mtundu womwewu.

Kuti mafuta apezeke pamafunika zinthu zitatu. Coyamba ndi matope akuda okhala ndi zamoyo zowola, amene anakwiririka mozama nafunda mpaka kutulutsa mafuta. Caciwiri ndi mwala wa mcenga wa timipata, umene umamwa mafutawo monga thonje limamwera madzi. Cacitatu ndi mwala wa dongo wosadutsa kanthu, wokhala ngati civundikiro pamwamba. Mng'alu ungathandize kutsekera mafuta pamalo amodzi, komanso ungakhale njira yoti athawiremo.

M'zaka za m'ma 1980 kampani ya ku America ya Placid Oil inaboola zitsime ziwiri m'cigwa ca Luangwa, koma sinapeze mafuta oti n'kugulitsa. Zitsime ziwiri n'zocepa m'dera lalikulu cotero, ndipo dziko la Uganda linapeza mafuta mu 2006 m'cigwa cotitimira ca nyanja ya Albert. Komabe miyala ya kumeneko ndi yatsopano poyerekeza ndi yathu.

Zambia imagula mafuta ake onse kunja, ndipo ena amabwera m'paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam, imene inatsegulidwa mu 1968. Lamulo la mu 2008 limati wofufuza mafuta ayenera kukhala ndi cilolezo ca Boma, motero mafumu ndi a nyakwawa afunse cikalataco kwa mlendo aliyense wobwera ndi malonjezo.

Mukaona zonyezimira pamwamba pa madzi a m'dambo, ziwindulani ndi kamtengo. Zikasweka tizidutswa, ndi dzimbiri la citsulo. Zikalumikizananso msanga, dziwitsani akatswiri a miyala a Geological Survey ku Lusaka.