Mankhwala ofooketsa chitetezo: zimene mayi ayenera kudziwa asanatenge pathupi

Kwa zaka zambiri takhala tikulankhula za kukweza chitetezo cha m'thupi. Kuno ku Chiradzulu, komwe bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'chaka cha 2001, boma lisanayambe kuwapereka kwaulere m'dziko lonse mu 2004, ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti CD4 ikatsika ndiye kuti zinthu sizili bwino. N'chifukwa chake ambiri amadabwa akamva kuti alipo mankhwala amene dokotala amapereka dala kuti afooketse chitetezo. Alipo ndithu, ndipo ena mwa iwo ndi oopsa kwa mwana amene ali m'mimba.

Pali matenda amene chitetezo cha munthu chimaukira thupi la mwini wake, monga lupus, nyamakazi yotupitsa molumikizana mafupa, ndi matenda ena a impso ndi a khungu. Pamenepa mankhwala amafunika kuti achibweze chitetezocho. Munthu amene anamuika impso ya munthu wina, monga aja amatumizidwa ku India, amamwa mankhwala otere moyo wake wonse kuti thupi lisakane impsoyo. Palinso mankhwala a khansa ya pakhungu ya Kaposi, matenda amene anthu omwe ali ndi kachirombo ka HIV amawadziwa bwino. Cholinga cha mankhwala amenewa ndi kupha khansa, koma amachepetsanso magazi ndi asilikali a m'thupi.

Kale nkhaniyi sinkabwera kawirikawiri, chifukwa anthu ambiri omwe anali ndi kachirombo sankakhala nthawi yaitali. Lero akukhala, akudwala matenda ena ngati wina aliyense, ndipo akufuna ana. Atsikana amene anabadwa ndi kachirombo ma ARV atangofika kumene, pano ndi amayi a pa banja.

Zipatala ziwiri, mayi mmodzi

Tiyerekeze mayi wa ku Ndunde. Ma ARV ake ndi Bactrim amalandira pa chipatala chaching'ono cha Ndunde. Manja atayamba kutupa, anamutumiza ku chipatala cha boma cha Chiradzulu, kenako ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe anamulembera mankhwala ena. Jakisoni wa kulera amabayitsa kwa mlangizi wa zaumoyo m'mudzi. Aliyense mwa anthu atatuwa akugwira bwino ntchito yake. Koma munthu yekhayo amene akudziwa mankhwala onse atatu ndi mayiyo, ndipo chinthu chokhacho chimene chimayenda naye konseko ndi kabuku kake ka kuchipatala. Ngati ali ndi timabuku tiwiri, kena kosonyeza za kachirombo ndi kena kopita nako kwina kuti anthu asadziwe, ndiye kuti ulalo waduka.

Tikumvetsa chifukwa chake amayi ena amasunga timabuku tiwiri. Kusalana sikunathe. Koma taonani zimene zingachitike.

Pali mankhwala otchedwa methotrexate, amene amaperekedwa pa nyamakazi ndi matenda ena a khungu. Amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo anthu anamwalirapo chifukwa chosokoneza zimenezi. Mankhwalawa amatsekereza ntchito ya folic acid m'thupi. Bactrim, amene anthu omwe ali ndi kachirombo amamwa tsiku ndi tsiku, nayenso amakhudza folic acid yomweyo. Ziwirizi zikakumana zingaimitse ntchito yopanga magazi m'mafupa, munthu n'kuyamba zilonda m'kamwa, kutentha thupi ndi kutuluka magazi. Dokotala amene sakudziwa kuti mayiyo ali pa Bactrim sangamuteteze ku ngozi imeneyi. Ndipo folic acid yomweyo ndi imene mwana amafunika m'masabata oyambirira kuti mutu ndi msana zipangike bwino. Methotrexate amachititsa mayi kupita padera, kapena mwana kubadwa ndi chilema cha mutu, nkhope, manja kapena miyendo. Mayi amene akufuna mwana amauzidwa kusiya mankhwalawa ndi kudikira miyezi itatu, madokotala ena amati isanu ndi umodzi, asanatenge pathupi.

Mankhwala enanso ndi mycophenolate, amene amaperekedwa kwa anthu oikidwa impso ndi odwala lupus yomwe yafika ku impso. Bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya linanena kuti mwa amayi 100 alionse amene anatenga pathupi akumwa mankhwalawa, pakati pa 45 ndi 49 anapita padera. Mwa ana 100 amene anabadwa amoyo, pakati pa 23 ndi 27 anali ndi chilema, makamaka cha makutu, milomo, m'kamwa ndi mtima. Pa chifukwa chimenechi mayi amayezedwa mimba kawiri asanayambe, patapita masiku 8 mpaka 10 pakati pake, ndipo amayenera kulera nthawi yonse imene akumwa komanso masabata 6 atasiya. Kwa abambo, umboni woti mankhwalawa angavulaze mwana kudzera mu umuna ndi wochepa, komabe amalangizidwa kuti iwo kapena akazi awo alere mpaka patapita masiku 90 atasiya kumwa.

Mankhwala a Kaposi, monga paclitaxel, bleomycin ndi vincristine, ndi oopsa kwambiri m'miyezi itatu yoyambirira ya mimba, ndipo mayi amene akulandira sayenera kuyamwitsa. Chimodzimodzinso amene ali pa methotrexate kapena mycophenolate.

Sikuti mayi wodwala matendawa asaganizenso za mwana ayi. Alipo mankhwala monga azathioprine ndi hydroxychloroquine amene madokotala amagwiritsa ntchito ngakhale mayi ali woyembekezera. Nthawi zambiri chimene chimafunika ndi kusintha mankhwala miyezi ingapo mimba isanabwere, matenda ali chigonere. Izi sizingatheke ngati dokotala akumva za mimbayo itakwana kale miyezi inayi, monga momwe ambiri timachitira pochedwa kuyamba sikelo poopa kuti anthu adziwa msanga.

Timapiritsi ta pa msika

Amene akutidetsa nkhawa kwambiri si mankhwala a ku Queens. Ndi prednisolone, timapiritsi ting'onoting'ono timene timapezeka m'magolosale ndi pa misika. Anthu amagula chifukwa cha mphumu, kuphwanya kwa thupi, zotupa, ndipo ena amamwa kuti anenepe anthu asiye kuwaloza zala. Masaya amatupadi, koma kumeneko si kunenepa. Mankhwalawa akamwedwa nthawi yaitali amafooketsa chitetezo, amadzutsa chifuwa chachikulu chimene chinali chitagona, amakulitsa Kaposi, ndiponso amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zinthu zimene ndi zoopsa kale kwa mayi woyembekezera. Dokotala akhoza kupereka prednisolone kwa mayi wapathupi pamene pakufunikira, akumuyeza shuga ndi BP. Koma amene wakhala akumwa kwa masabata opitirira atatu asasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga lokha zimene mankhwalawa amapereka, ndipo munthu akhoza kukomoka. Atenge timapiritsito apite nato kuchipatala, amuchepetsere pang'onopang'ono.

Nanga kulera? Apanso pali mbuna. Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olerera ndi njira za pa mkono monga Jadelle ndi Implanon. Efavirenz, yemwe anali m'ma ARV aja tinkawatcha 5A, amachitanso chimodzimodzi, ndipo alipo amayi amene anatenga pathupi kachipangizo kali pa mkono. Dolutegravir, yemwe ali mu 13A, alibe vuto limeneli. Lupu siisokonezedwa ndi mankhwala aliwonse mwa amenewa. Mayi amene ali pa mycophenolate asadalire mapiritsi okha, awonjezere makondomu. Mukapita kolera, tchulani mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale anamwino asanafunse.

Kuyeza magazi nakonso si kwa mwambo chabe. Munthu amene ali pa mankhwala ofooketsa chitetezo amayezedwa kuchuluka kwa magazi ndi asilikali ake, chiwindi ndi impso, pafupipafupi poyamba, kenako patalipatali. Tikudziwa kuti ndalama ya kabaza ndi minibasi yopitira ku Chiradzulu kapena ku Blantyre siipezeka wamba, ndipo munthu akamamva bwino amaona ngati n'kutaya ndalama. Koma magazi amayamba kutsika munthu asanamve kanthu. Kutentha thupi, zilonda m'kamwa, kutuluka magazi m'nkhama kapena maso achikasu, zimenezo si zodikira tsiku la pa kabuku.

Ma ARV okha asasiyidwe

Nkhani ngati iyi ikamveka, ena amaopa mankhwala onse, ndi ma ARV omwe. Tikumbukire zimene zinachitika ndi dolutegravir. Mu May 2018, ofufuza a kafukufuku wa Tsepamo ku Botswana, amene ankayang'ana ana obadwa m'zipatala zikuluzikulu za dzikolo, anapeza ana 4 a chilema cha msana kapena ubongo mwa ana 426 amene amayi awo anatenga pathupi akumwa dolutegravir. Maiko ambiri anachita mantha, ndipo pamene Malawi inkayamba kupereka 13A mu January 2019, amayi ambiri a msinkhu wobereka anayamba atsala kaye pa 5A. Ofufuzawo sanasiye kuwerenga. Ana atachuluka, chiwerengero cha olumala poyerekeza ndi ana onse chinatsika, ndipo mu July 2019 bungwe la World Health Organization linavomereza dolutegravir kwa onse, kuphatikizapo amayi oyembekezera. Pofika 2022 zinaoneka kuti panalibe kusiyana kwenikweni ndi ma ARV ena.

Zimenezi zinadziwika chifukwa azamba ankayang'ana mwana aliyense ndi kulemba mankhwala amene mayi ake ankamwa. Kuno kwathu, malipoti a mavuto obwera ndi mankhwala amapita ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo amayambira pa zimene mayi wauza namwino. Chiyambire July 2011, pamene dziko lathu linakhala loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo, ana ambirimbiri abadwa opanda kachirombo. Mayi akasiya ma ARV chifukwa cha mantha, kachirombo kamachuluka m'magazi m'masabata ochepa, ndipo mwana amakhala pa ngozi yeniyeni.

Mayi amene ali pa mankhwala ofooketsa chitetezo akadumpha kusamba, apite kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake, atatenga mabotolo onse a mankhwala ndi timabuku tonse, akayezetse mimba. Ngati ali pa methotrexate, asamwe wa sabata imeneyo asanaonane ndi dokotala. Ngati anaikidwa impso, asasiye yekha mankhwala aliwonse, chifukwa impsoyo ikhoza kuwonongeka. Dokotala ndi amene amusinthire mwachangu. Ma ARV a tsiku limenelo amwe pa nthawi yake monga mwa masiku onse.