Luso la Zikhadabo: Kusankha Sukulu ndi Mankhwala kwa Kaomba

Chaka ndi chaka, bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'midzi ya kwa Mfumu Kaomba m'boma la Kasungu mumakhala chimwemwe cha owerengeka ndi nkhawa ya ambiri. Malo m'sukulu za ukachenjede ndi ochepa, ndipo ngakhale sukulu yophunzitsa aphunzitsi ili pomwepo pa boma, siingathe kulandira aliyense wogogoda pakhomo pake. Kale mwana wa mlimi akalekeza sukulu panjira ankadziwa kolowera: kunazale, kuchigafa kukasoka fodya, kapena kuesiteti. Masiku ano atsikana ambiri, ndi anyamata omwe, akuponya maso ku ntchito za manja, ndipo ina mwa ntchito zimene zatchuka m'masaluni a m'mbali mwa msewu wa M1 ndi yokonza ndi kukongoletsa zikhadabo.

Akuluakulu ena amaiseka ntchitoyi. Iwo amakumbukira kabotolo kofiira kamene amayi ankagula m'sitolo nthawi ya Khirisimasi, kamene aliyense ankakatcha kyutekisi. Dzinalo linachokera ku Cutex, kampani ya ku America imene inayamba kugulitsa utoto wa zikhadabo wamadzimadzi mu 1917. Kupaka kyutekisi sikunkafuna sukulu. Koma zimene zikuchitika m'masaluni lero n'zosiyana ndi zimenezo. Pali jelo, amene saumira pamphepo koma pansi pa nyale yapadera. Pali akiriliki, amene ndi ufa wosakaniza ndi madzi a fungo lamphamvu ndipo amaumbidwa pachikhadabo ngati dothi. Palinso zikhadabo za pulasitiki zomata ndi guluu. Zonsezi ndi mankhwala enieni, ndipo mbiri yake inayambira kwa madokotala a mano. M'zaka za m'ma 1950 dokotala wa mano wa ku Philadelphia, Fred Slack, atathyoka chikhadabo ali pantchito, anadziumbira china pogwiritsa ntchito zomatira mano. Kampani ya CND inakhazikitsidwa mu 1979 ndi dokotala winanso wa mano, Stuart Nordstrom, ndipo ya OPI, imene inayamba mu 1981, poyamba inkagulitsa zipangizo za mano. Chibale chimenechi chili ndi tanthauzo lalikulu pa umoyo wa wokonza ndi wokonzedwa yemwe.

Zakuti luso limeneli lingathe kudyetsa banja n'zosakayikitsa. Mu 1975 mayi wina wochita mafilimu, Tippi Hedren, anakacheza ku msasa wa othawa nkhondo a ku Vietnam m'chigawo cha California. Ataona kuti amayi a pamsasapo akusirira zikhadabo zake, anaitanitsa womukonza zikhadabo kuti aphunzitse amayi 20. Amayiwo anaphunzitsa anzawo, anzawo naphunzitsa ena, kufikira lero lino pamene masaluni ochuluka a zikhadabo ku America ali m'manja mwa anthu ochokera ku Vietnam. Chofunika kuchiona m'nkhaniyi n'chakuti amayi aja sanalekere pa mphunzitsi mmodziyo. Anapita kusukulu ya za kukongoletsa nalandira ziphaso asanayambe kugwira zala za anthu.

Mwana wa kwa Kaomba ali ndi njira zingapo. Yapafupi ndiyo kukhala pasaluni ya munthu pa boma la Kasungu, kusesa, kutsuka zipangizo ndi kuonerera kufikira mwini wake atamulola kugwira dzanja la kasitomala. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo mwana amagona kwawo, koma amatengera zonse za mphunzitsi wake, zabwino ndi zoipa zomwe. Ina ndiyo makosi aafupi, a masabata ochepa, amene amalengezedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndipo ambiri amachitikira ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Yachitatu ndiyo maphunziro aatali a za kukongoletsa thupi, ophatikiza tsitsi, khungu ndi zikhadabo, m'sukulu zolembetsedwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito za manja. Makolo asanamasule ndalama za mabelo awo, ayenera kufunsa ku bungweli ngati sukulu imene mwana wasankha ili m'kaundula wake, pakuti setifiketi yosindikizidwa bwino, ya zilembo zagolide, aliyense wokhala ndi kompyuta angathe kuipanga. Amene akulinga zokagwira ntchito ku Johannesburg kapena m'mahotela akuluakulu achite bwino kufunsanso za mayeso a mabungwe akunja monga ITEC ndi City & Guilds.

Komabe chidindo pachokha sichiphunzitsa. Sukulu yabwino imadziwika ndi kagawidwe ka nthawi yake. Kosi imene tsiku loyamba lomwe ikuphunzitsa kujambula maluwa ndi kumata timiyala tonyezimira ndi yokayikitsa. Yoyenera imayamba ndi chikhadabo chenichenicho: kumene chimamerera, chifukwa chake kakhungu ka m'tsinde mwake sikayenera kudulidwa mwachisawawa, ndi matenda amene wokonza ayenera kuwazindikira kuti abweze kasitomala ndi kumulozera kuchipatala. Chikhadabo cha m'manja chimakula pafupifupi mamilimita atatu pamwezi, ndipo chikawonongeka mpaka m'tsinde pamatenga miyezi isanu ndi umodzi kuti chatsopano chikwane. M'tauni yaing'ono ngati Kasungu, mayi wowonongedwa chikhadabo amayenda nacho kutchalitchi, kumsika ndi kumaliro kwa theka la chaka, ndipo aliyense womufunsa amauzidwa dzina la saluni.

Ukhondo ndiye phunziro limene makosi othamanga amalidumpha. Kalumo kodulira kakhungu kakatema munthu ndi kukhudza magazi, kangathe kufalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B, ngakhalenso kachilombo ka HIV, ngati sikanatsukidwe ndi sopo ndi kuviikidwa m'mankhwala ophera tizilombo kwa nthawi yokwanira. Kungopukuta ndi kathonje ka sipiriti ndi mwambo wosangalatsa maso chabe. Chopalira chapepala sichitsukika, motero chimayenera kukhala cha munthu mmodzi. Banga lobiriwira lotuluka pansi pa chikhadabo chomata chimene chayamba kumatuka ndi chizindikiro cha tizilombo totchedwa Pseudomonas, ndipo kuliphimba ndi utoto wina n'kukwirira moto ndi udzu. Mapazi a munthu wodwala shuga sagwiritsidwa lumo, chifukwa bala laling'ono limavuta kupola. Wofuna kulembetsa afunse ngati zinthu zimenezi zili pa ndondomeko ya maphunziro, afunsenso kuti adzakonza manja a anthu enieni angati pamaso pa mphunzitsi, popeza dzanja la pulasitiki silituluka magazi ndipo silidandaula.

Tsono pali nkhani ya mankhwala, imene ndi yolumikizana ndi ya sukulu koposa mmene ambiri amaganizira. Kawirikawiri wophunzira amakhalitsa ndi mtundu wa mankhwala umene anaphunzirira, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi kaumidwe kake ndi muyeso wake wa ufa ndi madzi, ndipo dzanja limazolowera. Makampani ena, monga Bio Sculpture imene inayambitsidwa ndi Elmien Scholtz ku South Africa mu 1988, amaphunzitsa okha anthu ogwiritsa ntchito katundu wawo. Maphunziro otere amakhala ozama pa mtundu umodziwo, koma amamumangirira wophunzira kwa wogulitsa mmodzi. Munthu wokhala mtunda wa makilomita oposa 120 kuchokera ku Lilongwe ayenera kudzifunsa ngati botolo limene latha Lachitatu lingathe kumupeza Lachisanu, ukwati usanachitike Loweruka. Mtundu wotchuka padziko lonse umene supezeka m'dziko muno ndi wosathandiza pa boma la Kasungu. Mitengo nayo siikhazikika: katunduyu amachokera kunja, ndipo pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, botolo lililonse linakwera.

Kukwera kwa mitengo kumakankhira oyamba kumene ku mabotolo opanda dzina ogulitsidwa mopimira, ndipo apa m'pamene pali ngozi yaikulu. Madzi oyenera a akiriliki amapangidwa ndi mankhwala otchedwa EMA. Alipo ena otchipa kwambiri otchedwa MMA, amene bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, linalimbana nawo m'makhoti kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 anthu atadandaula za kuwonongeka kwa zala zawo. MMA sagwira pachikhadabo chosalala, kotero wokonza amachipala mpaka kuchipyapyalitsa; akauma amalimba mopyola muyeso, ndipo chala chikagundika m'malo mothyoka chomatacho, chimazuka chikhadabo chachibadwa. Amadziwika ndi fungo lobaya m'mphuno, mtengo wodabwitsa kutsika kwake, ndiponso kukana kusungunuka akaviikidwa mu asetoni. Botolo lopanda mndandanda wa zosakaniza, dzina la wopanga ndi tsiku lothera mphamvu lisalowe m'saluni, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti lachokera ku Dubai.

Za jelo n'zobisika koposa. M'kati mwake muli mankhwala amene amayamba kulimba akawombedwa ndi kuwala kwa mtundu winawake, ndipo kampani iliyonse imayesa jelo wake ndi nyale yake. Wogula jelo kuno, nyale uko, angathe kuona pamwamba pataumiratu ndi kunyezimira, pamene pansi pakadali pauwisi, monga chikondamoyo chimene chapsa kunja m'kati muli phala. Jelo wosapsayo akamakhudza khungu mobwerezabwereza, thupi limayamba kudana naye: zala zimayabwa, kutupa ndi kusenda, nthawi zina zikhadabo zimamatuka, ndipo ziwengo zimatha kutuluka ngakhale m'zikope ndi m'khosi mmene zala zimakhudza. Thupi likadana nawo mankhwalawa silibwereranso. Bungwe la madokotala a khungu ku Britain linachenjeza za kuchuluka kwa vutoli mu 2018, ndipo linakumbutsa kuti mankhwala a mtundu womwewo ndi amene amagwiritsidwa ntchito pomata mano ndi pa maopaleshoni ena a mafupa. Mayi wofuna kukongola lero angadzavutike kupeza thandizo la mano mawa. Kuyambira 2021 maiko a mgwirizano wa ku Ulaya analamula kuti jelo wokhala ndi HEMA azigulitsidwa kwa ophunzira ntchitoyi okha, ndipo pa 1 September 2025 analetseratu mankhwala ena otchedwa TPO m'zodzoladzola. Katundu wokanidwa pamsika wina amafunafuna msika wina, motero kuwerenga zolembedwa pabotolo sikungakhale kudzikuza.

Amene ali pachiswe kwenikweni ndi wokonzayo. Kasitomala amabwera kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, koma iye amagwira mankhwala ndi kupuma fumbi lake tsiku lonse. Zala zake zikadana ndi jelo, ntchito yathera pomwepo pamodzi ndi ndalama zonse za sukulu. Magulovu a nitrile, chotchinga kumphuno ndi zenera lotsekula ziyenera kukhala pa mndandanda wa mpamba, patsogolo pa utoto wa mitundumitundu. Apa aphunzitsi a sayansi m'masukulu a sekondale, monga ku Chayamba ndi m'masukulu oyendera a m'midzi, ali ndi mwayi umene kawirikawiri amaudutsa. Phunziro la mapolima limene ophunzira amaloweza pokonzekera mayeso ndi lomwelo limene likuchitika pansi pa nyale ya m'saluni, ndipo mwana amene anamvetsa bwino za tizilombo m'kalasi la Biology sangabwerekane chopalira pakati pa anthu awiri.

Kasungu ali ndi nyengo zake zimene kosi ya mumzinda siiphunzitsa. Ndalama zimayenda msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa chakumapeto kwa dzinja, ndipo maukwati, zinkhoswe ndi maphwando olangiza akwatibwi zimachulukira m'chilimwe. Mu January ndi February, pamene feteleza ndi fizi zadya zonse ndipo nkhokwe zapepuka, saluni imatha kukhala tsiku lathunthu popanda wolowa. Jelo wosiyidwa pazenera amauma ndi dzuwa ali m'botolo momwemo, asetoni wosatsekedwa bwino amauluka. Wanzeru amayamba ndi mitundu yowerengeka ya kampani imodzi, kuyambira wopaka pansi, wamtundu, wopaka pamwamba mpaka nyale yake. Magetsi a ESCOM akathima nyale ya jelo imakhala chete, pokhapokha ngati ili ya batire kapena pali sola, pamene akiriliki amauma yekha popanda magetsi. N'chifukwa chake kosi yophunzitsa jelo yekha imamusiya wophunzira wa kuno ndi dzanja limodzi.

Manja a amayi a kwa Kaomba nawonso si a m'zithunzi za pa intaneti. Ndi manja ochapa, osenda mtedza, ogwira choko ndi osoka fodya. Zikhadabo zitalizitali zosongoka zimayenera mkwatibwi wa tsiku limodzi. Ambiri amafuna zazifupi, zolimba, zosasendeka pochapa. Anamwino a pachipatala cha boma sangakhale makasitomala a zikhadabo zomata, popeza malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse, la WHO, amaletsa zimenezi kwa ogwira odwala, koma mapazi awo oima usiku wonse amafuna chisamaliro. Kukonza mapazi, makamaka ming'alu ya m'zidendene imene imavuta m'miyezi yozizira ya June ndi July, ndi ntchito yosafuna mankhwala odula, ndipo amuna nawonso amaifuna ngakhale amalowa m'saluni mozemba. Wolembetsa kosi aonetsetse kuti phunziro la mapazi lilimo, ndipo ngati n'kotheka asankhe imene ikutha mwezi wa February kapena March, kuti masabata otsala msika wa Chinkhoma usanatsegulidwe awathere pa zala za azichemwali ake ndi azakhali ake, kufikira atamatha kumaliza manja awiri popanda dontho la jelo kukhudza khungu.