Keyala: Dzina la Gulu la Asilikali Lovuta Kumasulira

Gulu la asilikali la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, pamene Angerezi anaphatikiza magulu ankhondo a m'maiko amene ankawalamulira kum'mawa ndi pakati pa Africa. Mabataliyoni awiri oyamba anachokera kuno ku Malawi, ndipo kwawo kunali ku Zomba. Anthu a m'midzi sanalimbane nalo dzina lalitalilo. Anamva mmene azungu ankatchulira zilembo zake zitatu, K, A ndi R, n'kuzipinda pa lilime lawo kukhala Keyala. Mpaka lero, ku Chileka, ku Lirangwe ndi m'madera ena, akuluakulu akamakumbukira bambo wawo amene anakamenya nkhondo ku Burma amati anali wa Keyala.

Vuto limabwera munthu akafuna kulemba dzinali m'Chichewa, kaya m'buku la mbiri kaya m'nyuzipepala. Akatsata liwu ndi liwu amapeza "Mfuti za Mfumu za mu Africa", zomwe zimamveka ngati katundu wosungidwa m'nyumba ya zida. Komatu m'chilankhulo cha ankhondo a ku Britain, liwu lakuti Rifles limanena za anthu: gulu la asilikali oyenda pansi, onyamula mfuti za mtundu umenewo. Liwu lakuti mfumu nalonso limasocheretsa, chifukwa wowerenga wa kwa Kuntaja amayamba waganiza za nyakwawa kapena gogo chalo, pomwe wonenedwayo ndi mfumu ya ku Mangalande. Ndipo dzinalo silinasinthe ngakhale Mfumukazi Elizabeth II italowa ufumu mu 1952, umboni wakuti linali litakhazikika ngati dzina lenileni, losayenera kuphwanyidwa m'zidutswa.

Omasulira mbiri ya ku Sweden amakumana ndi msampha womwewu. M'zaka za m'ma 1630 dzikolo linakhazikitsa bungwe lotchedwa Krigskollegium. Mabuku ena a Chingerezi amalitcha War College, ndipo wowerenga amaganiza kuti inali sukulu ya akuluakulu a nkhondo. Chonsecho inali ofesi ya boma yoyendetsa za asilikali. Sukulu ya asilikali ya ku Karlberg inadzatsegulidwa mu 1792. Olemba osamala amasiya dzina la Chiswidishi mmene lilili, n'kufotokoza ntchito ya bungwelo pamene alitchula koyamba.

Njira imeneyi ndi imene ikuyenereranso Keyala. Wolemba atchule dzina la boma kamodzi, anene kuti linali gulu la asilikali akuda lotsogozedwa ndi maofisala a ku Britain, kenako apitirize ndi dzina limene eni dziko analipatsa. Keyala si Chingerezi cholakwika choti chikonzedwe. Ndi dzina limene amayi ankatchula podikira amuna awo, ndipo kulichotsa m'buku n'kuwachotsamo iwowo.

Nthawi nayo imafuna kusamala. Chisanafike chaka cha 1902 asilikali a kuno ankatchedwa Central African Rifles, kenako Central Africa Regiment. Amene anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga mu Seputembala 1914, kumayambiriro kwa nkhondo imene anthu anaitcha ya Chiwaya, anali a Keyala. Koma unyinji wa amuna amene anagwidwa m'midzi kukasenza katundu pa nkhondoyo anali atengatenga, ndipo kuwaphatikiza ndi asilikali kumabisa masautso awo, chifukwa ambiri anafera panjira ndi njala ndi matenda. Dziko litalandira ufulu mu 1964, bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles, dzina losayenera kupatsidwa msilikali wa mu 1944.

Maina a malo a asilikali samasuliridwa n'komwe. Cobbe ya ku Zomba inatengera dzina la Alexander Cobbe, amene anatsogolera asilikali a kuno ku Somaliland mu 1902, ndipo Moyale ya ku Mzuzu imakumbutsa tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene a Keyala analimbana ndi Ataliyana mu 1940.