Amisiri a mtovu pa madenga a ku Britain

M'mizinda ngati Liverpool ndi Manchester, nyumba zambiri zakale za njerwa zinafoleredwa ndi miyala yopyapyala ya sileti, yochuluka mwa iyo yokumbidwa kumpoto kwa Wales, ku Penrhyn ndi Blaenau Ffestiniog. Sileti yabwino imapitirira zaka 100 ili gwa. Denga lotere likayamba kudontha, nthawi zambiri mwala sunalakwe: madzi apeza njira pamene denga lakumana ndi khoma kapena chumuni.

Mmisiri weniweni amadziwika pamenepo. Amayamba wasolola masileti a m'mbali mwa khoma, n'kulowetsa pansi pa mwala uliwonse kachidutswa ka mtovu kopinda, mbali imodzi itagona padenga, ina itatsamira khoma. Kenako amagoba matope a pakati pa njerwa mpaka mamilimita 25, n'kudula mtovu wina wochindikala mamilimita 1.8 motsata mizere ya njerwa, sitepe ndi sitepe. Mlomo wake amaupindira m'mpata uja, amaupana ndi timphero ta mtovu womwewo, ndipo pomaliza amamata.

Chovuta n'chakuti mtovu umafutukuka dzuwa likawomba, n'kubwerera kukazizira. N'chifukwa chake chidutswa chimodzi sichiyenera kupitirira mita imodzi ndi theka. Chikatalika chimakwinyika, kenako kung'ambika. Wophunzira ntchito amathera miyezi akuusula ndi zida zathabwa kuti ugone bwino osabooka, ndipo asanagwire chakudya ayenera kusamba m'manja ndithu, poti mtovu ndi poizoni.

Anthuwa amagwira ntchito pamwamba, mumphepo ndi mvula yowaza. Kugwa kuchokera pamwamba ndiko kumapha anthu ambiri pa ntchito za zomangamanga m'dzikolo, ndipo malamulo a 2005 amafuna kuti ntchito yotere ikonzekeredwe bwino, pakhalenso zotchinga kuti munthu asagwe. Akuba nawo sankavutika kupeza msika wa mtovu: anasenda madenga a matchalitchi ambiri mpaka lamulo la 2013 linakhwimitsa malonda a zitsulo zakutha ku England ndi Wales.

Chimene chimandipweteka ndi amisiri achinyengo amene amangopaka simenti pakona, n'kulandira ndalama, ulendo. Simentiyo imang'aluka denga likangosuntha pang'ono, ndipo mitengo ya m'kati imawola mwini nyumba osadziwa. Inu amene mukukhala m'nyumba zoterezi, musanavomere mtengo mufunseni mmisiriyo ngati aike mtovu pansi pa sileti iliyonse ya m'mbali mwa khoma, ndipo akatsika akuonetseni zithunzi za ntchitoyo.